Mwana wanga wamkazi wameta tsitsi, akuvala ngati mnyamata: chikumuchititsa n'chiyani?

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 21 anayamba maphunziro a umakaniko chaka chatha. M'kalasi mwawo atsikana alimo awiri okha, anyamata ndi oposa 30. Kale ankakonda kuluka tsitsi ndi kuvala madiresi, koma pano anameta, ndolo anasiya, amangovala mathalauza akuluakulu ndi malaya otaya ngakhale tsiku loti sakupita kusukulu. Kayendedwe ndi kayankhulidwe kasintha, ndipo anzakewo amamuitana dzina lachimuna. Ndikamufunsa amangoti, "Amayi, simungamvetse." Bambo ake akuti timusiyitse sukuluyo. Kodi chavuta n'chiyani? Ine Mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, ndiyambire pa mawu a mwana wanuyo. "Simungamvetse" amamveka ngati mwano, koma ine pantchito yanga yauphungu ndikawamva mtima umakhalako m'malo. Mwana wopanda chifukwa amati "palibe" kapena "ndangofuna basi." Amene wanena kuti simungamvetse chifukwa ali nacho, kungoti wachiyang'ana n'kuona kuti kufotokoza kwake n'kwakutali, ndipo sakudziwa ngati mungamulole kumaliza. Ine ndikuuzani zimene zimachititsa atsikana ambiri amene ali m'malo ngati akewo. Chake chenicheni adzanena yekha, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chifukwa chapafupi kwambiri anthu amachidumpha, ndicho ntchitoyo payokha. Pagalaja pali malamba ozungulira, pali fani ya injini, pali makina obowolera ndi odulira zitsulo. Tsitsi lalitali likakodwa m'chinthu chozungulira silimangothothoka, limakokera mutu wonse komweko. Mphete ikakhudza batire ndi chitsulo china nthawi imodzi imatentha n'kuwotcha chala. Munthu wogona chagada pansi pa galimoto, oilo n'kumamudonthera, sangakhale maola asanu akulukitsa tsitsi loti mawa lake lidzadza girisi. Komanso maovolosi, jombo ndi magolovesi ambiri amasokedwa poyeza thupi la mwamuna, moti mtsikana akavala amamiramo, wafuna asafune. Vutoli linafika ndi kumwamba komwe. Mu March 2019 bungwe la ku America loona za mumlengalenga la NASA linakonza zoti azimayi awiri atuluke okhaokha kunja kwa siteshoni ya mumlengalenga koyamba, koma zinalephereka chifukwa chovala cha saizi yapakati chimene chinali chokonzeka chinali chimodzi. Mmodzi wa azimayiwo, Anne McClain, anatsala, m'malo mwake munapita mwamuna. Zinadzatheka mu October chaka chomwecho, ndi Christina Koch ndi Jessica Meir.

Koma ndikudziwa kuti mukuti: nanga Lamlungu akukonza galimoto yanji? Ndi zoona. Ovolosi ikufotokoza za masiku a sukulu basi. Zotsalazo zikuchokera pa chiwerengero chimene mwandipatsa: awiri pakati pa anyamata oposa 30.

Mu 1977 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Rosabeth Moss Kanter, anasindikiza zimene anapeza atafufuza kampani ina yaikulu kumene azimayi ochepa ankagwira ntchito pakati pa amuna ambiri. Anaona kuti gulu lina likachepa kwambiri, kufika pafupifupi 15 pa 100 alionse kapena kutsika apo, anthu a m'gululo amasiya kuonedwa ngati anthu paokha. Aliyense amasanduka woimira mtundu wake wonse. Mwana wanu ndi mnzakeyo sakufika ngakhale 7 pa 100. Ndiye taganizani mmene tsiku lake limayendera. Mnyamata akagwetsa sipanala, palibe amene amatembenuka. Iye akagwetsa, wina amati, "Akazi ndi choncho." Mnyamata akalakwitsa kumanga mabuleki, walakwitsa ndi iyeyo. Mwana wanu akalakwitsa, alakwitsa ndi akazi onse, ndipo chaka chamawa mtsikana wina akadzafunsira malo adzakumbutsidwa za iyeyo. Maso onse ali pa iye kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Munthu amene akuyang'anidwa chotero amayamba kufunafuna chilichonse chimene chingachepetse masowo, ndipo zosavuta kuchotsa ndi tsitsi, ndolo ndi malaya oonetsa thupi.

Kanter anaonanso china chimene atsikana ambiri amandiuza m'mawu awoawo. Mkazi akalowa pagulu la amuna, amunawo amayamba kuonetsa chimuna chawo mopitiriza. Nthabwala zotukwana zimachuluka, kenako wina amati, "Aise, tasiyani, pali mayi pano," onse n'kukhala chete akumuyang'ana. Kunja zimaoneka ngati ulemu, koma uthenga wake ndi woti iwe ndiwe mlendo, watidula nkhani. Ndipo gululo limamusankhira malo. Kanter anatchula malo anayi amene mkazi wotereyu amakankhiridwako: kukhala mayi wa gulu amene aliyense amamudandaulira ndi kumutuma, kukhala wokopa amene amuna akumulimbirana, kukhala kamwana kokondedwa kamene amakaombera m'manja kakachita kanthu kakang'ono, kapena kukhala mkazi wouma mtima amene onse amamuopa. Palibe ngakhale amodzi mwa malowa amene dzina lake ndi "makaniko." Ndiye mtsikana wochenjera amadzipezera khomo lina, lokhala "mmodzi wa anyamata." Dzina lachimuna limene anzake amupatsalo, inu likukupwetekani, koma mwina iye tsiku limene analimva koyamba anapumira m'mwamba. Linatanthauza kuti nkhani sizidzadukanso iye akalowa.

Wofufuza wina, Wendy Faulkner, amene anaphunzira za mainjiniya achikazi, ananena kuti mkazi m'ntchito zoterezi amaonekera kwambiri monga mkazi, koma saoneka monga injiniya. Kasitomala amalowa, n'kumulambalala iye amene wagwira sipanala, n'kukafunsa mnyamata amene akusesa kuti, "Amakaniko ali kuti?" Zikachitika kakhumi, munthu amayamba kutsitsa mawu, kuponda mwamphamvu, kusiya kumwetulira pafupipafupi, chifukwa waona kuti amene amatero ndi amene amamvedwa. Si atsikana a m'magalaja okha. Margaret Thatcher, amene anakhala nduna yaikulu ya Britain mu 1979, anachita kuphunzitsidwa kutsitsa mawu ake kuti azimveka aulamuliro. Zaka zoposa 3,000 iye asanabadwe, Hatshepsut, mkazi amene analamulira Egypt ngati Farao, anasemedwa m'zifaniziro zambiri atavala ndevu zoikirira ngati mafumu aamuna. Kumene anthu anazolowera kuti mphamvu ili ndi nkhope ya mwamuna, mkazi wofuna kumvedwa amabwereka nkhopeyo.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri, chifukwa ndi chimene ana sauza makolo. Zovala zotayazo nthawi zina zimakhala chishango.

Zaka zingapo zapitazo ndinkacheza ndi mtsikana wina amene ankaphunzira zamagetsi pamalo ena ake. Anabwera kwa ine chifukwa chosowa tulo, za zovala sitinayambe nazo n'komwe. Tsiku lachitatu ndinaona kuti m'kathumba ka chikwama chake muli kapepala kokulungidwa bwino, ndipo ankangokagwiragwira tikamayankhula. Nditafunsa, anakafunyulula. Munali ndolo ziwiri zing'onozing'ono. Anati amazivula akafika pageti, n'kuzivalanso akaweruka, ali kale panjira. Ovolosi ankavalira kunyumba, ngakhale kutenthe bwanji, chifukwa chipinda chosinthira chinali chimodzi ndipo chitseko cha chimbudzi chinalibe loko. Madzi sankamwa masana onse kuti asafune kupitako. Mkulu wina woyang'anira ankakonda kuima kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, ati pomuonetsa kagwiridwe ka waya. Atameta tsitsi n'kuyamba kuvala ovolosi yaikulu masaizi awiri, anyamata ena anasiya kumuimbira miluzu. Mkulu uja sanasiye.

Mawu omalizawo muwasunge. Zovala sizimene zimayambitsa nkhanza, ndipo sizizithetsa. Wogwiragwira atsikana amayang'ana amene alibe womuteteza, osati amene wavala siketi. Koma mtsikana amene sangasinthe woyang'anira, sangagule loko, sangadandaule popanda kutchedwa wovuta, amasintha chokhacho chimene chili m'manja mwake, ndilo thupi lake ndi zimene laphimbidwa nazo. Nkhaniyi ndi yakale. Joan of Arc, mtsikana wa ku France amene anatsogolera asilikali, anaotchedwa ku Rouen pa 30 May 1431 ali ndi zaka pafupifupi 19, ndipo chimene anamupezera chifukwa pomaliza chinali kuvalanso zovala zachimuna ali m'ndende. Mlandu wake utaunikidwanso patapita zaka zoposa 20, mboni zinanena kuti iye ankati amazivala podziteteza kwa asilikali amene ankamulondera, popeza zovala zachimuna za nthawiyo zinkamangidwa ndi zingwe zambiri, zovuta kuvula mokakamiza. Oweruza ake anaona thalauza, koma sanaone alondawo.

Sindikunena kuti mwana wanu akuchitidwa zoterezi. Ndikunena kuti musanafunse chifukwa chake akuvala chonchi, mufunse kaye kuti kumeneko kuli bwanji.

Pali nkhani ina imene ndimaikonda chifukwa imasonyeza mmene chishango chimavulidwira. Mu 1966 Bobbi Gibb anakanizidwa kuthamanga nawo mpikisano wa Boston Marathon, wa makilomita 42, ati akazi sangathe mtunda wotero. Anavala kabudula wa mchimwene wake ndi juzi yokhala ndi chipewa chobisa tsitsi, n'kubisala m'zitsamba pafupi ndi poyambira. Mpikisano utayamba anadumphira pakati pa gulu. Amuna othamanga naye sanachedwe kuzindikira kuti ndi mkazi, koma m'malo momuneneza anamulimbikitsa. Apo m'pamene anavula juzi ija, n'kuthamanga poyera mpaka kumaliza m'maola atatu ndi mphindi 21, patsogolo pa amuna ambiri. Palibe anamuuza kuti avule. Anangoona kuti sakufunikanso kubisala.

Komanu tisathamangire kunena kuti mtsikana aliyense wometa ndi wovulala mumtima. Ena anavala thalauza la matumba akuluakulu koyamba n'kuzindikira kuti moyo wawo wonse akhala akuvala zowasowetsa mtendere pofuna kusangalatsa ena. Ena amangokonda mmene amaonekera atameta. Pa zaka 21 munthu amayesa maonekedwe osiyanasiyana, ena amakhalitsa, ena amatha okha. Ndiponso chimene timachitcha chovala chachimuna sichikhala malo amodzi. Ku Paris kunali lamulo la mu 1800 loti mkazi wofuna kuvala thalauza akatenge chilolezo kupolisi, ndipo katswiri wojambula nyama Rosa Bonheur ankachitengadi kuti azitha kulowa m'misika ya mahatchi ndi mophera nyama osavutitsidwa. Boma la France linalengeza mu 2013 kuti lamulolo ndi lopanda ntchito. Ku America, maseneta achikazi anayamba kuloledwa kuvala mathalauza m'nyumba yawo ya malamulo mu 1993. Zimene zinkadabwitsa agogo, adzukulu saziona n'komwe.

Ndikudziwanso funso limene simunalilembe koma likukusowetsani tulo, ndipo mwina ndi limene lakwiyitsa bambo ake. Kavalidwe ka munthu, amene mtima wake umakopeka naye, ndi mmene iye mwini amadzionera mumtima kuti ndi mkazi kapena mwamuna, ndi zinthu zitatu zosiyana. Nthawi zina zimayendera limodzi, nthawi zambiri ayi. Atsikana ambiri ovala zachimuna amadziona kuti ndi akazi ndithu, ndipo za zibwenzi zawo simungazidziwe poyang'ana thalauza. Alipo ena ochepa amene maonekedwewo akunena za mmene amadzionera kuyambira kale. Poyang'ana kunja simungasiyanitse. James Barry, dokotala wa asilikali a Britain, anamaliza maphunziro ku Edinburgh mu 1812 akazi asanayambe kuloledwa, ndipo mu 1826 ku Cape Town anachita opaleshoni yochotsa mwana m'mimba, mayi ndi mwana yemwe n'kukhala moyo. Atamwalira mu 1865 m'pamene zinamveka kuti anabadwa mkazi. Mpaka lero akatswiri a mbiri yakale amatsutsana: ena amati anali mkazi amene anadzibisa kuti apeze maphunziro, ena amati anali munthu amene ankadziona kuti ndi mwamuna. Ngati akatswiri okhala ndi makalata ake akulephera kugwirizana, inu musagamule mlandu wa mwana wanu ndi lezala lometera. Chimene ndinganene mosakayika n'chakuti achinyamata amene amakanidwa ndi makolo pa nkhani zoterezi amagwa m'matenda a nkhawa ndi maganizo ofuna kudzipha kuposa amene makolo awo anawamvetsera, ngakhale makolowo asanagwirizane nazo zonse. Tsiku lina akadzakuuzani chinthu cholemera, yankho loyamba lisakhale kukalipa.

Njira yokhala "mmodzi wa anyamata" ili ndi mtengo wake, ndipo apa m'pamene ine ndimadera nkhawa kuposa za tsitsi. Kuti akhalebe m'gululo, mtsikana amayenera kuseka nthabwala zonyoza akazi, nthawi zina n'kuwonjezerapo yake. Amayamba kunena kuti, "Ine sindili ngati atsikana ena," osazindikira kuti akuvomereza kuti atsikana enawo ndi operewera. Amatalikirana ndi mtsikana mnzake yekhayo amene akanamumvetsa, poopa kuti akaonedwa ali awiri adzatchedwanso "akazi aja." Akadwala msambo amangolimba, sanena. Ndipo malo amene wawagula movutikirawo si okhazikika. Tsiku limene adzapambane mayeso kuposa anyamatawo, kapena kukana mmodzi wa iwo amene wamufunsira, adzakumbutsidwa msanga kuti ndi mkazi. Akaoneka wachikazi amati sangathe ntchito, akaoneka wachimuna amati ndi wamwano, sadzakwatiwa. Mwana amene akuyenda pakati pa miyala iwiriyi tsiku lonse, akafika kunyumba n'kupeza mlandu wachitatu ukumudikira, amangoti, "Simungamvetse."

Za kumusiyitsa sukulu, ndikupempha bambo ake aleze mtima. Ngati zovalazo ndi za ntchito kapena zokonda zake, mudzakhala mutamulanda luso lodzadyera chifukwa cha tsitsi limene limamera pa miyezi itatu. Ngati ndi chishango, mudzakhala mutalanga wolakwiridwa, wolakwayo n'kutsala pomwepo akudikira mtsikana wotsatira. Ndipo mwanayo adzaphunzira kuti kunena vuto kunyumba kumathetsa sukulu, choncho sadzanenanso kanthu.

Chimene muyenera kuyang'ana si thalauza ayi, koma nkhope ya amene walivala. Kodi akamanena za injini maso ake amawala? Amadya, amagona, amaseka ndi abale ake? Anzake akale akadali nawo? Ngati ndi choncho, mtima ukhale pansi. Koma ngati kusinthaku kunabwera mwadzidzidzi, mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, ngati amadzidzimuka munthu akamukhudza, amadwala mutu kapena m'mimba Lamlungu madzulo, akuonda, amadana ndi kalilole, wayamba kumwa mowa kuti afanane ndi anzake, kapena pali dzina la mphunzitsi kapena mnzake limene likatchulidwa amakhala chete, pamenepo pali china chimene chikufunika mlangizi kapena dokotala. Chinanso muonetsetse: atsikana ena amamanga mabere ndi bandeji kapena tepi kuti chifuwa chisaoneke. Zimenezo zimalepheretsa kupuma bwino, zimatupitsa khungu, ndipo zikhoza kuvulaza nthiti, makamaka kwa munthu wonyamula zitsulo kukutentha. Mukaona zotero musakuwe. Mugulireni kamisolo wa masewera wa saizi yake, amene amagwira chifuwa popanda kufinya, kenako nkhaniyo muikambe pang'onopang'ono.

Pokamba naye, musamukhazike pampando inu ndi bambo ake muli mbali inayo ngati bwalo la milandu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyambe muli pantchito ina limodzi, manja ali otanganidwa, maso asakuyang'anizana. Mawu oti "chifukwa chiyani" muwasiye kaye, amamveka ngati mlandu. Funsani zing'onozing'ono zokhala ndi yankho: Kodi zovala mumasinthira kuti? Chimbudzi cha atsikana chilipo, chimakhomeka? Ndani amakupatsa ntchito zenizeni, ndani amangokutuma kutsuka zida? Dzina lija analiyambitsa ndani, iwe umalikonda? Akayankha chinthu chokupwetekani, musadumphe n'kunena kuti mawa ndikupita kusukuluko. Mufunseni chimene iye akufuna kuti muchite, chifukwa amene adzabwerere m'kalasimo mawa lake ndi iyeyo. Ngati pali nkhanza, mugwirizane naye zokadandaula kwa akuluakulu a sukulu, ndipo azilemba tsiku, malo ndi zimene zinachitika nthawi iliyonse.

Bambo ake nawo ali ndi mbali yawo, ndipo ndi yosavuta. Apeze chinthu chowonongeka pakhomopo, amupatse akonze, iwo akhale pambali azimupatsira sipanala. Mtsikana amene bambo ake amuona akugwira ntchito n'kumuyamikira monga mwana wawo wamkazi, osati monga "mwamuna wa pakhomo pano," amaona koyamba kuti zinthu ziwirizi zikhoza kukhala mwa munthu mmodzi.

Ndipo mwana wanuyo mumufunse za mtsikana winayo wa m'kalasi mwawo, dzina lake ndani, amavala bwanji, anyamata amamutcha chiyani. Mwana wanu akanena za iye monyoza, mwadziwa mtengo umene akulipira kuti akhale m'gululo. Akanena momudera nkhawa, mvetserani bwino, chifukwa atsikana ambiri amayamba kufotokoza zawo ponena kuti zinachitikira mnzawo. Muuzeni adzabwere naye kunyumba tsiku lina.